Laputopu ya kaunjika, Linux ndi Wi-Fi yokana: mkangano wa malaisensi wafika ku Nchalo

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza kwaulere zokonza chitetezo cha Windows 10. Inangotsegula kampata kakang'ono kotchedwa ESU, kolandirira zokonzazo kwa kanthawi, komwe inalengeza poyamba kuti kwa anthu wamba kadzatha pa 13 Okutobala 2026. Ku ofesi za m'tauni nkhaniyi ndi yongogula makina atsopano, koma kuno kuchigwa cha Shire ndi mutu waukulu. M'mashopu otayipa ndi kufotokopa pa Dyeratu, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, ngakhalenso m'nyumba za aphunzitsi, laputopu imene mungaipeze kawirikawiri ndi HP, Dell kapena Lenovo ya kaunjika yopangidwa zaka khumi kapena kuposerapo zapitazo. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta), RAM ya 4 GB, malo a 64 GB, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Core i5 ya m'badwo wa 3, imene ikutayipa mayeso a sukulu popanda dandaulo, imakanidwa pachipata pomwepo.

Ena amadutsa kuseri ndi pulogalamu ya Rufus, yomwe imachotsa funso la TPM pokonza fulashi yoikira Windows. Zimatheka, koma Microsoft inaneneratu kuti makina otero sakulonjezedwa ma update. Komanso kuyambira pa Windows 11 24H2, purosesa yakale yosamva malamulo otchedwa SSE4.2, monga Core 2 Duo, siyaka n'komwe.

N'chifukwa chake amisiri ambiri ayamba kuyesa Linux Mint, Ubuntu kapena Debian, yomwe ndi mitundu ya Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Munthu amaika bwinobwino. Sikirini ikuwala, kiyibodi ikulemba, mawu akumveka. Akati alumikize intaneti, chizindikiro cha Wi-Fi palibe. Mmisiri amapukusa mutu, n'kunena kuti Linux ndi yosakwanira, n'kubwezeretsa Windows yobera. Koma vuto silili pa luso la olemba Linux. Ndi nkhani ya umwini: ndani ali ndi khodi yoyendetsera chip ya Wi-Fi, ndipo analola ndani kuigawa.

Chip ya Wi-Fi imafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi driver, pulogalamu yomwe imakhala mu kernel, pakatikati pa Linux, n'kumalankhula ndi chip. Chachiwiri ndi firmware, pulogalamu yomwe imayenda m'kati mwa chip mwenimwenimo. Pofuna kuchepetsa mtengo, opanga ma chip ambiri saika memory yosunga firmware mpaka kalekale. Kompyuta ikayaka, driver imatenga fayilo ya firmware pa hard disk n'kuithira mu chip, ndipo ikazima zonse zimafufutika. Fayiloyo ikasowa, khadi la Wi-Fi lili bwinobwino koma silidzuka.

Linus Torvalds anaika Linux pansi pa laisensi ya GPL mu 1992, ndipo mpaka lero kernel ili pa GPL version 2. Laisensi imeneyi imayenda ngati ndondomeko ya mbuzi zopatsirana imene ambiri tikuidziwa kuno: walandira mbuzi, weta, pindula nayo, koma ikaswa upatse mnzako pa mfundo zomwe zija unalandirira iwe. Ukatenga khodi ya GPL, n'kuisintha, n'kugawa kapena kugulitsa chimene wapanga, uyenera kuperekanso khodi yake pansi pa GPL. A OpenBSD, FreeBSD ndi NetBSD, mapulogalamu ena oyendetsa kompyuta ofanana ndi Linux, amayendera malaisensi a mtundu wa BSD, omwe amati tenga uchite nazo zomwe ukufuna, ngakhale kutsekera m'katundu wogulitsa, bola usafufute dzina la mlembi ndi mawu a laisensiyo. Zotsatira zake n'zakuti khodi ya BSD ikhoza kulowa mu Linux, koma ya GPL siyingalowe mu OpenBSD n'kutchedwa ya BSD popanda chilolezo cha amene anailemba. Njirayi ndi yopita mbali imodzi, ndipo mkwiyo wambiri unachokera pamenepa.

Dzina limene limabwerabwera pa nkhani ya Wi-Fi ndi Broadcom, kampani yopanga ma chip. Mu 2003 anthu anatulukira kuti router ya Linksys WRT54G imayendera Linux, koma khodi yake sinaperekedwe monga GPL imalamulira. Atapanikizidwa, a Linksys anaitulutsa, ndipo pa khodi imeneyo panabadwa OpenWrt, Linux ya ma router, mu 2004. Koma driver ya chip ya Broadcom yomwe inali m'router imeneyo inakhalabe yotsekedwa, ndipo mabuku ofotokoza mmene chip imagwirira ntchito sanaperekedwe.

Anthu odzipereka anachita kugawana magulu awiri. Gulu loyamba linafufuza driver yotsekedwayo pang'onopang'ono n'kulemba m'mawu zimene chip imayembekezera kumva. Gulu lachiwiri, lomwe silinaloledwe kuona khodi ya Broadcom, linawerenga zolembazo n'kulemba driver yatsopano kuyambira pachiyambi. Anachita zimenezi kuti kampaniyo isadzapeze ponenera kuti khodi yake yakopedwa. Ntchitoyo inatulutsa bcm43xx, yomwe inalowa mu kernel 2.6.17 mu 2006, kenako inalowedwa m'malo ndi b43. Firmware yokha sakanatha kuigawa, popeza ndi ya Broadcom. Analemba kapulogalamu kotchedwa b43-fwcutter, komwe kamadula firmware kuchokera mu driver ya kampaniyo pa kompyuta ya mwini wake. Ndiye kuti Linux sikupatsani fayiloyo, mumakaitenga nokha.

Mu Epulo 2007 ndi pamene anzawo okhaokha anayambana. Michael Buesch, mmodzi wa olemba bcm43xx, anaulula poyera kuti zidutswa za khodi yawo ya GPL zikupezeka mu bcw, driver imene Marcus Glocker ankalembera OpenBSD, zitavekedwa laisensi ina. Driver ya bcw inali isanayambe n'kugwira ntchito komwe. Glocker anaichotsa yonse. Theo de Raadt, mtsogoleri wa OpenBSD, anapsa mtima kuti nkhani yoyenera kukambirana anthu awiri inayalidwa pagulu ndipo munthu wodzipereka anachititsidwa manyazi. Patangopita miyezi yochepa zinthu zinatembenuka. Khodi ya ma chip a Atheros imene Reyk Floeter analembera OpenBSD inkasamutsidwira ku Linux, ndipo panabwera ganizo lochotsa mawu a laisensi yake n'kuikapo GPL. A OpenBSD nawo anakuwa kuti akuberedwa. Maloya a Software Freedom Law Center anachita kuunika mafayilo kuti nkhaniyo ikhale pansi, ndipo driver ya ath5k inapitirira mayina a alembi ake ali pomwepo.

Ine ndimaona kuti pa mlandu uliwonse wodandaula anali ndi mfundo. Laisensi ya mnzako suisintha wekha, kaya ndi GPL kaya ndi BSD. Koma chimene chimandidabwitsa n'chakuti magulu awiriwa ankalimbirana ntchito imene sikanafunika n'komwe opanga ma chip akanangotulutsa mabuku awo. Atheros inazindikira msanga. Mu 2008 inatulutsa yokha driver ya ath9k, yotseguka, ndipo ma chip amene imayendetsa safuna fayilo ya firmware. Broadcom inachedwa mpaka Seputembala 2010, ndipo inatsegula ya ma chip atatu okha panthawiyo: BCM4313, BCM43224 ndi BCM43225. Kwa ena ambiri inasiya driver yake yotsekedwa yotchedwa wl. Zosankha za makampani awiriwa m'zaka zimenezo ndi zimene zikulamula lero ngati laputopu yogulidwa ku Limbe igwira Wi-Fi ikatsika mapiri kufika pa Thabwa.

Tsono mukakumana ndi laputopu yokana Wi-Fi, musayambe n'kudawuniloda chilichonse. Yambani n'kudziwa chip. Dzina la laputopu silithandiza, chifukwa HP ziwiri za dzina limodzi zikhoza kukhala ndi makhadi osiyana. Tsegulani Terminal mulembe:

lspci -nn | grep -i net

Kumapeto kwa mzere kumaoneka manambala awiri olekanitsidwa ndi madontho awiri. Yoyamba ndi ya kampani: 14e4 ndi Broadcom, 8086 ndi Intel, 168c ndi Atheros, 10ec ndi Realtek. Yachiwiri ndi ya chip yeniyeniyo. Ikakhala Intel kapena Atheros ndipo Wi-Fi sikugwira, kawirikawiri si nkhani ya laisensi. Lembani rfkill list muone ngati batani la Wi-Fi lazimitsidwa, chifukwa ma Dell ndi ma ThinkPad akale ali ndi kaswichi m'mbali komwe kamakankhika m'chikwama.

Ikakhala 14e4, pali njira zitatu, ndipo kusokoneza njirazi ndi kumene kumawonongetsa tsiku lonse. 14e4:4311 ndi 14e4:4315, omwe ndi BCM4311 ndi BCM4312, amayenda ndi b43. Driver ili kale mu kernel, chosowa ndi firmware, ndipo phukusi la firmware-b43-installer ndi limene limakaitenga n'kuidula. 14e4:4727 ndi BCM4313, yomwe imayenda ndi driver yotseguka ya brcmsmac. Pa Mint ndi Ubuntu imagwira yokha, pa Debian imafuna phukusi la firmware-brcm80211. 14e4:4365 ndi BCM43142, ndipo imeneyi ndiye yovuta. Ilibe driver yotseguka, imangomvera wl, yomwe imabwera m'phukusi la broadcom-sta-dkms, kapena bcmwl-kernel-source pa Ubuntu ndi Mint zakale.

Cholakwika chofala n'chakuti munthu akangoona dzina la Broadcom amaika wl osayang'ana nambala. Phukusi la wl likamalowa limalemba fayilo mu /etc/modprobe.d yoletsa b43, brcmsmac, bcma ndi ssb kuti zisadzuke, poopa kuti zingalimbirane chip imodzi. Ngati chip yanu sigwirizana ndi wl, mwatseka driver yolondola n'kutsala ndi yosagwira. Mukaika firmware ya b43 pambuyo pake, palibe chosintha, chifukwa chiletso chija chikadalipo. Chotsani wl ndi sudo apt purge (apt ndi pulogalamu yoika ndi kuchotsa maphukusi), osati remove chabe, popeza remove ikhoza kusiya mafayilo a chiletsowo. Kenako zimitsani n'kuyatsanso. Mukafuna kuona chimene chip ikudandaula, lembani sudo dmesg | grep -i firmware. Imatchula dzina la fayilo yomwe yasowa.

Pali chopinga china chimene olemba mapulogalamu a ku Ulaya sachimva kuwawa kwake. firmware-b43-installer imafuna intaneti kuti ikonze Wi-Fi imene mukufuna kuti ikupatseni intaneti. Iwo amangolumikiza waya wa network pakhoma. Ku Makhanga kulibe khoma lotero. Njira yake ndi foni ya Android ndi chingwe cha USB chonyamula data, osati chongotchajira. Lumikizani, yatsani USB tethering pa foni, ndipo Linux imaiona nthawi yomweyo ngati waya wa network popanda kuika chilichonse. Bandulo yaing'ono ya Airtel kapena TNM imakwana pa firmware yokha. Samalani kuti kompyuta isayambe ma update onse pa bandulo yomweyo, chifukwa imatha musanafike pa chimene mumafuna. Kwa amene akufuna wl pa Linux Mint, musafomate fulashi yoikira ija. Driver Manager imatha kutenga phukusilo pa fulashi yomweyo popanda intaneti.

Za wl zisanathe, pali misampha iwiri. Popeza mbali yake yaikulu ndi yotsekedwa, siyingakhale m'kati mwa kernel. Imamangiriridwa kunja ndi DKMS, pulogalamu yomanga driver kuti igwirizane ndi kernel yanu, ndipo kernel yatsopano ikabwera iyenera kumangidwanso. Olemba kernel sasunga njira zam'kati kuti zikhale zosasintha. Akasintha china, amakonza ma driver onse amene ali nawo m'manja, koma wl saifikira. Choncho Wi-Fi imene inkagwira Lachiwiri imasowa Lachitatu pambuyo pa update. Musafomate. Poyatsa, lowani mu menyu ya GRUB, yosankhira chimene kompyuta idzutse, podina Shift kapena Esc, sankhani Advanced options, n'kudzutsa kernel yakale mpaka phukusi lokonzedwa litatuluka. Msampha wachiwiri ndi Secure Boot, chitetezo choletsa mapulogalamu osavomerezeka kudzuka poyatsa kompyuta. Ikakhala yoyatsa, kernel imakana driver yosasainidwa. Poika phukusi mumafunsidwa password ya kanthawi, ndipo poyatsanso pamabwera sikirini yabuluu ya MOK, yovomerezera kiyi yosainira driver ija. Ambiri amaiopa n'kudina Continue boot. Sankhani Enroll MOK, lembani password ija, apo ayi driver siidzuka ngakhale yaikidwa bwino.

Magetsi nawo amalowerera. Amene anali kuno mu 2022, chimphepo cha Ana chitawononga damu la Kapichira mu Januwale, akudziwa mmene kuthimathima kumakhalira, ndipo batire ya laputopu ya kaunjika nthawi zambiri imakhala yakufa kale. Magetsi akathima DKMS ili m'kati momanga, apt imakana kuika china chilichonse. Lembani sudo dpkg --configure -a kuti imalize pomwe inalekera, kenako sudo apt -f install.

Mkangano wa firmware unafikanso m'kati mwa Debian. Kwa zaka zambiri fulashi yovomerezeka yoikira Debian sinkanyamula firmware yotsekedwa, ngakhale ya Intel yomwe kampaniyo imalola kugawa. Mu 2022 mamembala anavota kuti asinthe, ndipo Debian 12, yotuluka pa 10 Juni 2023, inabwera ndi gawo latsopano la non-free-firmware pa fulashi pomwepo. A Free Software Foundation sagwirizana nazo. Iwo amavomereza Linux monga Trisquel, yomwe kernel yake inachotsedwa zonse zotsekedwa. Mfundo yawo ndimailemekeza, koma ili ndi pokhota. Firmware yotsekedwa ikakhala yomatiriridwa mu chip moti siisinthika, amaiona ngati mbali ya chipangizo. Firmware yomweyo ikamathiridwa kuchokera pa hard disk, amaikana. Kwa mphunzitsi wa ku Tengani kusiyana kumeneku kulibe phindu lililonse. Chimene akuona n'chakuti kompyuta yake ili ndi intaneti kapena ilibe. Pamenepa ndili mbali ya Debian. Komabe dziwani kuti voti ija sinathandize b43, chifukwa vuto lake si mfundo za Debian koma kuti Broadcom sinapereke chilolezo chogawa fayiloyo.

Kwa BCM43142, malangizo anga ndi oti musalimbane nayo chaka ndi chaka. Sinthani khadi. Pa ma laputopu ambiri a zaka zimenezo khadi la Wi-Fi ndi la mtundu wa half mini PCIe, lomangidwa ndi sikuluu imodzi kapena ziwiri pansi pa kachivundikiro kakumbuyo. Chotsani batire ndi chaja. Zulani timawaya ta eriyo, kakuda ndi koyera, pokoka kachitsulo kakumapeto molunjika m'mwamba, osati pokoka waya, chifukwa kakaduka kumata kwake n'kovuta. Ikanimo khadi la Atheros AR9285 kapena AR9485 lochotsedwa m'laputopu yakufa. Makhadi amenewa amagwira 2.4 GHz yokha, koma pa hotspot ya foni kapena MiFi zimakwana. Ma laputopu a cha m'ma 2015 kupita m'tsogolo ambiri ali ndi M.2, yomwe siigwirizana ndi mini PCIe, choncho tsegulani muone musanagule.

Apanso pali chipata china. HP ndi Lenovo zambiri zakale zili ndi mndandanda wa makhadi ololedwa mu BIOS, pulogalamu yoyamba kudzuka kompyuta ikayaka. Mukaika lachilendo, ThinkPad imaima n'kulemba 1802, HP imalemba 104, ndipo kompyuta siipitirira mpaka mutalichotsa. Ma Dell ambiri alibe vutoli. Mukakumana nalo, pezani khadi lochokera m'laputopu ya kampani yomweyo, kapena gulani Wi-Fi ya pa USB. Pogula yang'anani version. TP-Link TL-WN722N version 1 ili ndi Atheros AR9271 ndipo imagwira mukangoilowetsa. Version 2 ndi 3, dzina lomwelo ndi maonekedwe omwewo, zili ndi chip ya Realtek yomwe pa kernel zakale imavuta. Version imalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa chipangizocho.

Eni mashopu a fotokope ayang'anenso pulinta asanasamuke. HP LaserJet 1018 ndi 1020 zili ndi khalidwe lomwe lija la chip ya Wi-Fi: firmware yake imathiridwa kuchokera ku kompyuta nthawi iliyonse pulinta ikayaka. Pa Linux muyenera kuyendetsa hp-plugin kamodzi muli pa intaneti, n'kuvomera laisensi ya HP, kuti fayiloyo ibwere. Magetsi akathima n'kubweranso, pulinta imakhala yaiwala zonse. Ikaoneka yoyaka koma osasindikiza, izimitseni n'kuiyatsanso kompyuta ili kale yoyaka ndipo chingwe chili cholumikiza, mudikire injini ilire kachiwiri. Canon LBP2900 imalankhula CAPT, njira ya Canon yokha, ndipo driver yake ya pa Linux ndi yakale komanso yovuta kuika. Ngati shopu yonse yadalira pulinta imeneyo, yesani kaye pa kompyuta ina musanakhudze imene imabweretsa ndalama.

Za NVIDIA, yopanga ma chip a graphics, ndingodutsapo. Kampaniyi inatsegula khodi ya ma driver ake a mu kernel mu 2022, koma ya ma chip atsopano okha, a m'badwo wotchedwa Turing kupita m'tsogolo. Ma chip akale amene ali m'laputopu za kaunjika anatsala ndi ma driver otsekedwa monga a 340 ndi 390, omwe kampaniyo inasiya kuwakonza, kapena nouveau yolembedwa ndi odzipereka. Kwa wotayipa ndi kuonera mavidiyo, laputopu ya Intel graphics yokha ndi yabwino koposa. Driver yake ili mu kernel, komanso ilibe chip yachiwiri yowonjezera moto, zomwe si nkhani yaing'ono ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumadutsa madigiri 40.

Zonsezi zimapepuka mukayesa musanalipire. Yendani ndi fulashi ya 8 GB yokhala ndi Linux Mint, yomwe fayilo yake ndi pafupifupi 3 GB, choncho ikopereni kwa mnzanu kapena muidawunilode pa bandulo ya usiku. Pemphani wogulitsa kuti muyatse laputopu kuchokera pa fulashiyo osaika chilichonse: F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo. Yatsani hotspot pa foni muone ngati ikuoneka, ndipo lembani lspci ija muone nambala. Ngati mwagula ndipo mukufuna kufufuta Windows, tengani kaye kiyi yake. Kuyambira pa Windows 8, kiyi ya makina ogulitsidwa ndi Windows imasungidwa mu firmware ya laputopu, ndipo sudo strings /sys/firmware/acpi/tables/MSDM imaionetsa. Laisensi imeneyo ndi ya OEM, yomangiriridwa ku laputopu yomweyo, moti simungaisamutsire ku ina, koma imagwiranso mukadzabwezeretsa Windows pa makina omwewo. Ma laputopu a nthawi ya Windows 7 alibe MSDM. Kiyi yawo ili pa kapepala komatidwa kunsi kapena m'malo a batire, ndipo kamafufutika ndi thukuta ndi fumbi, choncho kajambuleni ndi foni kakadawerengeka.